Penti Akamamatuka Pamalo Omwewo Chaka ndi Chaka: Kupeza Gwero la Chinyezi Musanakongoletsenso Chipinda

Pali vuto limene limabwererabwerera m'nyumba zambiri, ngakhale zimene eni ake sanaumire pozikongoletsa. Mwininyumba amaitana mmisiri, khoma limapalidwa n'kupakidwa penti watsopano, makatani amasinthidwa, ndipo kwa miyezi ingapo chipinda chimasangalatsa aliyense wolowamo. Koma nyengo yamvula kapena yozizira ikangodutsa, m'munsi mwa khoma lomwe lija penti amayambanso kuchita matuza, pakona ya siling'i pamatuluka timadontho takuda, ndipo mukatsegula kabati ya zovala mumalandiridwa ndi kafungo ka chinyezi. Ambiri amaloza chala penti kapena amene anamupaka, amagula mtundu wina wokwera mtengo, n'kubwereza ntchito yonse. Komatu nthawi zambiri penti amangoulula zimene zikuchitika m'kati mwa khoma, ndipo adzapitiriza kuziulula mpaka madzi amene akumusendawo atatsekeredwa njira.

Madzi owononga khoma amachokera kumalo anayi: m'nthaka ya pansi pa nyumba, kunja kudzera padenga ndi m'ming'alu, m'mapaipi obisika, ndiponso mumpweya wa m'nyumba momwemo. Gwero lililonse lili ndi mankhwala ake, ndipo mankhwala a gwero limodzi angathe kukulitsa vuto lochokera kugwero lina. N'chifukwa chake ntchito yoyamba imagwiridwa ndi maso, bulashi ili poteropo.

Zimene banga lenilenilo limanena

Yambani mwaona msinkhu wa banga. Chinyezi chokwera kuchokera m'nthaka chimayambira pansi penipeni ndipo kawirikawiri sichipitirira mita imodzi kapena kuposerapo pang'ono, popeza madzi amakwera m'timabowo ta njerwa monga mmene mafuta amakwerera m'chingwe cha nyali, n'kufika poti amene akuuma ndi ofanana ndi amene akukwera. Pamene alekezera pamakhala mzere wokhotakhota wachikasu kapena wofiirira, ndipo m'munsi mwake mumatuluka ufa woyera umene ndi mchere wochokera m'nthaka ndi m'njerwa. Banga la mvula lingakhale paliponse, ngakhale pamwamba pafupi ndi denga kapena pansi pa zenera, ndipo limakula pakadutsa maola kapena tsiku limodzi mvula itagwa, n'kuchepa dzuwa likawala masiku angapo. Banga la paipi yodontha silidziwa nyengo, chifukwa limakhala lonyowa chaka chonse, ndipo nthawi zambiri kuseri kwa khomalo kumapezeka bafa, sinki kapena chimbudzi. Chinyezi cha mumpweya chimadziwika ndi nguwi yakuda yamawangamawanga m'makona, kuseri kwa mipando ndi m'mbali mwa mawindo, ndipo nthawi zambiri sichibwera ndi mchere.

Maso akalephera kusiyanitsa, pali kuyesa kosavuta. Pukutani khoma kuti liume pamwamba, dulani pulasitiki yoonekera ya masentimita pafupifupi 30 mbali zonse, muimate pakhomalo ndi selotepi m'mbali zonse zinayi kuti mpweya usalowe, ndipo muisiye kwa maola 48. Madontho akaoneka kunja kwa pulasitiki, kumbali ya chipinda, madziwo akuchokera mumpweya wa m'nyumba. Akaoneka m'kati, pakati pa pulasitiki ndi khoma, kapena khoma likada pamalo ophimbidwawo, madzi akutuluka m'khoma. Zimachitikanso kuti mbali zonse ziwiri zinyowe, ndipo pamenepo mavuto alipo awiri, chifukwa khoma lonyowa limazizira kwambiri ndipo khoma lozizira limakoka nthunzi.

Mukakayikira mapaipi, tsekani mipopi yonse, onetsetsani kuti thanki ya chimbudzi yadzaza, lembani manambala a pamita ya madzi, ndipo pasakhale wotunga madzi kwa maola awiri. Manambala akasuntha ndiye kuti penapake pakudontha. Kuyesaku sikugwira mapaipi otulutsa madzi oipa, amene amadontha pokhapokha wina akasamba kapena kutsuka, choncho amenewo muwayese pothira madzi ambiri m'sinki kapena m'bafa wina akuyang'ana kuseri kwa khoma.

Amisiri ena amabwera ndi kachipangizo ka mano awiri koyezera chinyezi, n'kukabaya pakhoma, ndipo kakalira amagamula nthawi yomweyo kuti madzi akukwera kuchokera pansi. Kachipangizoka kamayeza mmene magetsi akudutsira m'chinthu ndipo manambala ake anakonzedwera matabwa. Pakhoma lokhala ndi mchere kamasonyeza chinyezi chochuluka ngakhale khomalo litauma kale. Kamathandiza poyerekeza malo ndi malo, koma sindingalole kuti khoma ligumulidwe pa umboni wa kachipangizoka kokha.

Khoma likamachita thukuta

Gwero limene anthu amalikayikira mochedwa ndi mpweya wa m'nyumba, mwina chifukwa n'kovuta kuvomereza kuti madzi akuchokera kwa okhalamo eni ake. Mpweya wotentha umasunga nthunzi yambiri kuposa wozizira: pa madigiri 30 ungasunge magalamu pafupifupi 30 a madzi pa kiyubikimita imodzi, pa madigiri 20 magalamu 17, pamene pa madigiri 10 umasunga magalamu 9 okha. Mpweya wofunda ukakhudza chinthu chozizira umatula madzi otsalawo, monga zimachitikira pa botolo lochotsedwa m'firiji. M'chipinda cha madigiri 20 chokhala ndi chinyezi cha 60 peresenti (kutanthauza kuti mpweya wasunga magawo 60 pa 100 a nthunzi imene ungathe kusunga), malo alionse ozizira kufika madigiri 12 amachita mame. Nguwi simadikira n'komwe kuti madontho aoneke, chifukwa imamera pamalo pamene mpweya woyandikana ndi khoma wakhala wachinyezi kwambiri kwa masiku angapo.

Madziwo amachokera m'zinthu za tsiku ndi tsiku: kusamba madzi otentha, kuphika mapoto osavundikira, kupuma kwa anthu ogona mawindo ali otseka, ndiponso kuyanika zovala m'nyumba, kumene kungatulutse malita pafupifupi awiri a madzi pa kuchapa kumodzi. Mbaula zotenthetsera m'nyumba za palafini kapena gasi zopanda chumuni zimawonjezera kwambiri, popeza lita imodzi ya palafini ikapsa imatulutsa madzi pafupifupi lita imodzinso.

Apa ndi pamene kukongoletsa kumasanduka gwero la vuto. Ndinaonapo chipinda chogona chimene chinali chitangokonzedwa bwino kwambiri, chokhala ndi kabati ya zovala yomangirira kuchokera pansi mpaka kusiling'i, yodzaza khoma lonse loyang'ana kunja. Patangotha nyengo imodzi yozizira, nsapato zachikopa za m'shelefu ya pansi zinali zitavala ubweya wobiriwira, ndipo thabwa lopyapyala la kumbuyo linali litafufuma moti chala chinkalowa mukalidina. Eni ake anali atakwera kale padenga kawiri kufunafuna podontha. Denga linalibe vuto: kabati inali itatchinga kutentha kwa m'chipinda kuti kusafike pakhomalo, khoma linazizira, ndipo mpweya wochepa umene unkalowa kuseri unalibe potulukira. Kabati yomangirira imakhala bwino pakhoma lapakati, lolekanitsa zipinda. Ngati palibe kuchitira mwina, pasiyidwe mpata wa masentimita 5 mpaka 10 kuseri kwake, pabooledwe timabowo tolowetsa mpweya m'munsi ndi pamwamba, ndipo zovala zisapanikizidwe mpaka kukhudza thabwa la kumbuyo. Mpata womwewo ndi wofunikanso kuseri kwa sofa pabalaza, kumutu kwa bedi ndi kuseri kwa shelefu ya mabuku.

Kukonza kwina kumatseka nyumba mosadziwa. Mawindo akale olowa mphepo akasinthidwa ndi atsopano otseka bwino, kapena timabowo ta mpweya ta pamwamba pa makoma tikamatidwa chifukwa choti sitikuoneka bwino, nyumba imene inkapuma yokha imasiya kutero, ndipo nguwi imayamba m'chipinda chimene sichinakhalepo nayo. Vuto likayamba ntchito yokonza itangotha, funso loyamba likhale lakuti: kodi tinatseka chiyani?

M'bafa mufunika zenera lotseguka kapena fani yotulutsa mpweya, ndipo faniyo itulutsire panja penipeni, chifukwa yongoponyera nthunzi m'mwamba mwa siling'i imasamutsira vuto kumatabwa a denga. Izigwira ntchito kwa mphindi 15 kapena 20 munthu atatha kusamba, chitseko cha bafa chili chotseka kuti nthunzi isafalikire m'zipinda, ndipo pansi pa chitsekocho pakhale kampata kolowera mpweya wina. Chimodzimodzinso kukhitchini: chotulutsa utsi cha pamwamba pa sitovu chimene chimangosefa fungo n'kubweza mpweya m'chipinda sichichotsa nthunzi. Kachipangizo kakang'ono koyeza chinyezi cha mumpweya kamathandiza kuona ngati mukupambana, ndipo cholinga ndi kukhala pansi pa 60 peresenti nthawi zambiri.

Pansi pa denga lamalata pali msampha wina. Usiku wopanda mitambo malata amazizira kuposa mpweya, kunsi kwake kumachita mame, ndipo m'mamawa madontho amagwera pasiling'i n'kusiya mabanga ozungulira otsatana m'mizere. Mabanga oterewa akamaoneka mvula isanagwe, musavutike kumata misomali. M'mwamba mwa siling'i mukufunika mpweya woyenda komanso chofunda chotchinga pansi pa malata.

Madzi ochokera m'nthaka

Nyumba yomangidwa bwino imakhala ndi chotchinga madzi choyalidwa pakati pa mizere ya njerwa pamwamba pa maziko, chimene amisiri amachitcha DPC, ndipo chimayenera kukhala mamilimita osachepera 150 pamwamba pa nthaka ya panja, kutanthauza pafupifupi mizere iwiri ya njerwa. M'nyumba zambiri zokhala ndi chinyezi cha m'munsi chotchingacho chilipo ndipo sichinawonongeke, kungoti madzi apatsidwa mlatho wochidumphira. Mlathowo ukhoza kukhala dothi la maluwa lounjikidwa kukhoma, khonde kapena njira ya simenti imene inakwezedwa pambuyo pake, kapena pulasitala wa panja amene anatsika mpaka kukhudza nthaka. Zungulirani nyumba mukuyerekeza msinkhu wa nthaka ya panja ndi wa pansi pa m'nyumba. Pamene panja pakwera kufanana ndi m'kati kapena kupitirira, mwapeza poyambira. Tsitsani dothilo, sunthani maluwa ofuna kuthiriridwa tsiku ndi tsiku, ndipo konzani kuti nthaka itsetserekere kutali ndi khoma kuti madzi a padenga asadikhe m'mbali mwa maziko.

Cholakwa chofala kwambiri pano ndi kuika matailosi kapena pulasitala wolimba wa simenti yambiri m'munsi mwa khoma kuti banga libisike. Kwa chaka chimodzi zimaoneka ngati zatheka. Koma madzi amene ankauma kudzera pamalo ophimbidwawo tsopano amakwera kufunafuna potulukira, ndipo banga limadzaonekera pamwamba penipeni pa mzere wa matailosi, kapena kuseri kwa khoma m'chipinda china. Zomwezo zimachitika ndi mapepala okongoletsa khoma okhala ndi pulasitiki, matabwa okhomedwa pakhoma popanda mpata, ndi penti wamafuta wonyezimira. Ngati nyumba ilibiretu chotchinga, kuikamo china, kaya podula khoma pang'onopang'ono kapena pobayira mankhwala m'mabowo, ndi ntchito ya katswiri, ndipo iganiziridwe pambuyo poti za panja zonse zakonzedwa ndipo nyengo imodzi yadutsa.

Pansi pa chipinda pamayesedwanso ndi pulasitiki ija musanayale kapeti, matabwa kapena vinilu. Simenti ya pansi yopanda pulasitiki yotchinga kunsi kwake imatulutsa chinyezi mosaonekera, ndipo zoyala zosapuma zimachisonkhanitsa mpaka guluu kumatuka ndi matabwa kupindika.

Mvula ndi mapaipi

Za mvula zimapezeka bwino mvulayo ikugwa. Tengani ambulera muone pamene ngalande za padenga zikusefukira, pamene paipi yotsitsa madzi ikulavulira pakhoma, ndi pamene madzi akutsetsereka pansi pa zenera m'malo modontha patali. Madzi olowa padenga amatha kuyenda mamita angapo pamtanda asanagwere pasiling'i, choncho bowo lifufuzidwe cha kumtunda kwa banga. Mng'alu wopyapyala wa pulasitala umamatidwa mosavuta, koma umene ukukula, kapena wotsata njerwa ngati masitepe, uonedwe ndi injiniya musanaubise.

M'bafa, matailosi paokha salowa madzi, koma phala la m'mipata yake limalowa, ndipo m'makona limang'ambika chifukwa makoma awiri sasuntha mofanana. M'makona ndi pamene bafa kapena sinki yakumana ndi khoma pafunika silikoni, phala lomatira mipata limene limakhalabe lofewa ngati labala, ndipo silikoni wakale achotsedwe yense watsopano asanaikidwe, popeza sagwira bwino pamwamba pa wakale. Banga likakhala pafupi ndi soketi kapena switchi, zimitsani magetsi a mbali imeneyo mpaka wamagetsi ataona.

Kuchotsa nguwi

Nguwi ya pamalo aang'ono olimba ingachotsedwe ndi mwininyumba. Tsegulani mawindo, valani magolovesi ndi chophimba kukamwa ndi mphuno, ndipo tsukani ndi madzi a sopo m'malo mopala pouma, popeza kupala kumamwaza njere zake mumpweya. Ofuna kugwiritsa ntchito mankhwala oyeretsera a kulorini asungunule gawo limodzi m'magawo khumi a madzi, ndipo asawasakanize ndi viniga, mankhwala otsukira chimbudzi kapena alionse okhala ndi amoniya, chifukwa kusakanizako kumatulutsa mpweya wapoizoni. Zinthu zomwa madzi, monga mabodi a siling'i, kapeti ndi matabwa a utuchi wopanikiza, zikalowedwa nguwi mpaka m'kati zimangofunika kusinthidwa. Nguwi ikakuta malo oposa sikweyamita imodzi, kapena ngati m'nyumba muli khanda kapena wodwala mphumu, ndi bwino kuitana odziwa ntchitoyi. Kupaka penti pamwamba pa nguwi sikuipha. Imatulukiranso pamwamba pa penti watsopanoyo.

Ndondomeko ya kukonzanso

Madzi akatsekedwa pamabwera gawo limene limagonjetsa anthu ambiri, ndilo kudikira. Amisiri amawerengera kuti khoma lonyowa limauma pafupifupi mamilimita 25 pamwezi, choncho khoma la mamilimita 230 limene lakhuta madzi lingatenge miyezi isanu ndi inayi, ngakhale kuti kutentha ndi mphepo zingafupikitse nthawiyo. Palani penti yense womatuka kuti khoma lipume, sunthani mipando, ndipo lolani mpweya uziyenda. Mchere ukatuluka muusese ndi bulashi youma. Mukautsuka ndi madzi umasungunuka, n'kubwerera m'khoma, n'kudzatulukanso.

Gogodani pulasitala ndi chogwirira cha sikuludiraiva. Pamene pakumveka ngati ng'oma wasiyana ndi njerwa ndipo achotsedwe. Amene wakhuta mchere wa m'nthaka achotsedwenso kufika masentimita pafupifupi 30 pamwamba pa banga, chifukwa mchere wina umakoka chinyezi mumpweya ndipo umanyowetsa khoma ngakhale gwero litatsekedwa. Pamalo oterewa pulasitala wa gypsum, uja wofewa wosalazira makoma a m'kati, sakhalitsa, ndipo pamakoma akale a njerwa zofewa wa njereza ndiye woyenera chifukwa amalola khoma kupuma. M'nyumba yakale samalani popala: penti wamafuta wa zaka zambiri angakhale ndi mtovu, ndipo mabodi ena akale a siling'i ali ndi asibesitosi, ulusi wa mwala umene fumbi lake limawononga mapapo. Zimenezi sizikhwekhwesedwa ndi sandipepa pouma, kudulidwa kapena kubooledwa zisanayezedwe.

Pulasitala watsopano wa simenti apatsidwe masiku pafupifupi 28 asanapakidwe. Simenti yaiwisi ndi yaukali kwambiri moti penti wamafuta akapakidwa msanga amafewa n'kumamata m'manja, ndipo mitundu ina imasuluka mawangamawanga. Masiku amenewo akakwana, yambani ndi penti woyambira wopirira ukali wa simenti, kenako mupake penti wamadzi kawiri mopyapyala, mukudikira nthawi yolembedwa pachitini. Pakhoma limene linali lonyowa sankhani penti wosanyezimira amene amalola nthunzi kudutsa. M'bafa ndi kukhitchini, kumene madzi amachokera kumbali ya chipinda, wonyezimira pang'ono wotheka kupukuta ndiye amathandiza. Banga lachikasu la pasiling'i limatulukiranso pa penti wamadzi ngakhale mutapaka kanayi, choncho liphimbidwe kaye ndi penti wotseka mabanga, siling'iyo itaumiratu. Penti wokhala ndi mankhwala oletsa nguwi amachedwetsa kumera kwake kwa kanthawi, koma mphamvu yake imatha, ndipo m'bafa lopanda potulukira nthunzi sakhalitsa.

Makabati a kukhitchini, mapepala a pakhoma ndi zomangirira zonse zibwere pomalizira penipeni, chifukwa zikangoikidwa khoma silionekanso. Pa nthawi yodikirayo zungulizani banga ndi pensulo, lembani deti pambali pake, ndipo muzilijambula kamodzi pamwezi mutaima pamalo amodzimodzi. Banga likamabwerera m'kati mwa mzere, gwero latsekedwa ndipo khoma likuuma. Likaima pamzere kapena kuudumpha mvula itagwa kapena usiku wozizira utadutsa, pali njira ina ya madzi imene simunaipeze, ndipo pulasitiki ija imatidwenso pakhoma chitini cha penti chisanatsegulidwe.